Bakha amene ana ake amalumpha kuchokera m'mphako, ndi vuto lowalera pakhomo

Ikafika miyezi ya Epulo ndi Meyi kum'mawa kwa dziko la America ndi kumwera kwa Canada, mafoni a anthu osamalira nyama zakutchire zovulala sapuma. Oimba ambiri nkhani yawo imakhala imodzi: atola anapiye a bakha. Wina wawapeza m'mbali mwa msewu, wina m'ngalande ya madzi a mvula, wina pabwalo la sukulu, akulira, make osaoneka. Amene saimba foni amangowaika m'katoni n'kupita nawo kunyumba, kukawaikira mbale ya madzi ndi nyenyeswa za buledi. Anapiyewo akakhala a bakha wotchedwa wood duck, kawirikawiri sipapita masiku ambiri asanayambe kufa mmodzimmodzi, chakudya chili pomwepo osachikhudza. Wotolayo amatsala ndi chisoni komanso funso loti walakwitsa pati. Yankho lake lagona pa mmene mbalameyi imayambira moyo wake.

Asayansi amamutcha Aix sponsa, ndipo ku Britain oweta amakonda kumutchula kuti Carolina duck. Ndi bakha wamng'ono, sakwana kilogalamu imodzi. Wamwamuna ndi wokongola zedi: ali ndi tsumba lobiriwira losakanikirana ndi lofiirira logwera kunkhongo, maso ofiira, mizere yoyera kukhosi ndi kumasaya, ndi chidali chofiirira chokhala ndi timadontho toyera. Wamkazi ndi wotuwa, ndipo chomuzindikirira ndi bwalo loyera lozungulira diso. Mbale wake weniweni ndi bakha wa mandarin wa ku China, Korea ndi Japan. Sakonda nyanja zazikulu zapoyera. Malo ake ndi nkhalango zolowa madzi, timitsinje toyenda pang'onopang'ono pansi pa mitengo, ndi maiwe amene nyama yotchedwa beaver imatseka. Mapazi ake ali ndi zikhadabo zakuthwa, moti amatera panthambi n'kukhazikika bwinobwino. Abakha athu akumudzi aja a nkhope zofiira zamatuzamatuza, amtundu wa Muscovy, nawonso kwawo ndi ku America wapakati ndi wakumwera, ndipo abale awo akutchire mpaka lero amaikira m'mphako za mitengo.

Wood duck saikira pansi. Wamkazi amafunafuna mphako, ndipo poti sangaboole mtengo yekha, amadalira pamene nthambi yaikulu inathyoka n'kuwola, kapena bowo lakale losiyidwa ndi mbalame yaikulu yogogoda mitengo yotchedwa pileated woodpecker. Mphako zotere zimapezeka m'mitengo ikuluikulu yokalamba basi. Akapeza pamwamba pa madzi ndi mwayi, koma akasowa amalowera kumtunda, nthawi zina mtunda wofika makilomita awiri kuchokera kumadzi. Amaikira dzira limodzi patsiku mpaka akwane khumi ndi awiri kapena kuyandikira pamenepo, n'kuwafunditsa nthenga zofewa zimene amadzizula pachidali. Sayamba kufungatira mwamphamvu mpaka atatsiriza kuikira, n'chifukwa chake pakatha masiku pafupifupi 30 mazira onse amaswa nthawi imodzi.

Mayi ndi ana amayamba kumvana anawo asanatuluke m'chigoba. Katswiri wina wa ku America, Gilbert Gottlieb, anafufuza zimenezi ku North Carolina m'zaka za m'ma 1960. Ankamvetsera ndi kujambula mawu a m'zisa za abakhawa, ndipo anapeza kuti mazira akamayandikira kuswa mayi amayamba kuitana motsitsa, anapiye n'kumayankha. Pofika tsiku lotuluka, mawu a mayiwo amakhala atakhazikika kale m'makutu mwawo.

Tsikulo ndi m'mawa wotsatira ataswa. Mayi amasuzumira pabowo kwa kanthawi kuona ngati kunja kuli bata, kenako amaulukira pansi n'kuyamba kuitana. M'kati mwa mphako anapiye amakwera khoma ndi zikhadabo zawo, amafika pakhomo, n'kudziponya pansi mmodzimmodzi. Mapiko alibe nthenga zoulukira. Ena amagwa kuchokera pamtunda wa mamita 15 ngakhale kuposerapo, koma poti mwanapiye sakwana n'komwe magalamu 30 ndipo thupi lonse ndi ubweya, amanjanja pamasamba n'kudzuka osavulala. M'chisamo sadzabwereranso. Mayi sawadyetsa pakamwa ngati njiwa. Ntchito yake ndi kuwatsogolera kumadzi, kuwafungatira akazizidwa, ndi kuwachenjeza adani akayandikira. Chakudya amadzitolera okha.

Ulendo wochokera pamtengo kupita kumadzi ndi umene umawakumanitsa ndi anthu. Kumene kale kunali nkhalango yokhayokha lero kuli misewu, mipanda, malo oimika magalimoto ndi ngalande zokhala ndi zitsulo pamwamba. Mayi amadutsa pazitsulozo bwinobwino, ana n'kugwera m'mipata. Galu akawuwa kapena anthu akaunjikana, mayi amauluka, ndipo wood duck wamkazi ndi wamantha kwambiri kuposa bakha wa mallard amene anazolowera anthu m'mapaki. Amakabisala chapafupi n'kumadikira. Munthu wofika panthawiyo amaona ana okhaokha n'kuganiza kuti ndi amasiye, pamene make akuonerera ali m'tchire kapena panthambi.

Choncho chithandizo choyamba ndi kutalikira. Kumanga agalu, kuchotsa ana a anthu pamalopo, kuima patali pobisika ndi kudikira ola limodzi kapena awiri. Anapiye akamalira mayi amamva, ndipo nthawi zambiri amabwera kudzawatenga. Amene agwera m'ngalande atulutsidwe, aikidwe m'katoni yosatseka pamthunzi pafupi ndi pamene apezekapo, kuti kulira kwawo kumveke. Zoti mbalame imakana mwana wake akagwiridwa ndi munthu si zoona, ndipo zisalepheretse wina kuvuula mwanapiye m'dzenje. Pali zinthu ziwiri zimene anthu achifundo amachita zimene zimapha msanga. China ndi kuika mwanapiye yekha padziwe poganiza kuti bakha kwawo ndi m'madzi. Wopanda make amazizidwa, kapena kumezedwa ndi nsomba zazikulu ndi akamba am'madzi. China ndi kumuponya m'gulu la ana a bakha wina aliyense amene wapezeka. Mallard wamkazi amatha kujompha mwana wachilendo mpaka kumumiza.

Mayi akapanda kubwera, kapena akapezeka atagundidwa ndi galimoto, pamenepo ndiye kuti anawo ndi amasiyedi. Ife tinakula ndi mawu akuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mtima umenewu ndi wabwino. Koma achibale athu amene akukhala ku America ndi ku Canada ayenera kudziwa kuti kumeneko kusunga mwanapiye wa bakha wakutchire pakhomo ndi mlandu, ngakhale cholinga chikhale chomupulumutsa. Lamulo limalola munthu kumutola kuti apite naye mwamsanga kwa wosamalira nyama amene ali ndi chilolezo cha boma, osati kumulera yekha.

Lamuloli lili ndi mbiri yake, ndipo wood duck ali pakati penipeni pa mbiriyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 abakhawa ankawomberedwa mosaletseka, chaka chonse, ngakhale nyengo yoswana. Nyama yake inkagulitsidwa m'misika ya m'mizinda, nthenga zake zinkakongoletsa zipewa za amayi komanso kupangira nyambo zowedzera nsomba. Nthawi yomweyo nkhalango za m'zigwa zinkadulidwa ndipo madambo ankaumitsidwa kuti pakhale minda, mitengo ya mphako n'kumatha. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 akatswiri a mbalame ankaopa kuti mtunduwu utheratu. Mu 1916 dziko la America linasainirana pangano ndi Britain, yomwe inkaimira Canada, loteteza mbalame zosamuka nyengo ndi nyengo, ndipo mu 1918 linakhazikitsa lamulo lotchedwa Migratory Bird Treaty Act. Kusaka wood duck kunaletsedwa kotheratu mpaka 1941. Lamulo lomwelo ndi limene limaletsa kukhala ndi mbalame zimenezi, mazira ake, zisa zake ngakhale nthenga zake popanda chilolezo.

Kuletsa mfuti kokha sikukanakwanira, chifukwa bakha wopulumuka analibe poikira. Mu 1937 ogwira ntchito m'boma anapachika mabokosi mazana angapo m'malo otetezedwa a Chautauqua m'chigawo cha Illinois, kuti alowe m'malo mwa mphako. Akatswiri awiri achinyamata, Arthur Hawkins ndi Frank Bellrose, anapitiriza ntchitoyi ndi mabokosi a matabwa, ndipo abakha anawalandira. Nzeruyi inafalikira kwa alimi, alenje ndi ana asukulu. Nkhalango zina zinaphukanso, ma beaver amene anatsala pang'ono kutha chifukwa cha zikopa zawo anabwerera n'kutsekanso maiwe, ndipo lero wood duck wachuluka moti ali m'gulu la abakha amene alenje a kum'mawa kwa America amapha kwambiri mololedwa. Mbalameyi inabwerera chifukwa anthu anaisiyira malo ndi mpata woswana kutchire komweko.

Tibwere tsono kwa amene ali ndi chilolezo, tione chimene amalimbana nacho akalandira katoni ija. Ngakhale iwo amavomereza kuti mwa anapiye onse a abakha, a wood duck ndi ena mwa ovuta kwambiri.

Mdani woyamba ndi kuzizira. Mwanapiye wa masiku ochepa sangathe kusunga kutentha kwa thupi lake kwa nthawi yaitali popanda kulowa pansi pa make. Amaikidwa m'bokosi lokhala ndi getsi kapena chotenthetsera mbali imodzi, pamene pamatentha madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, kenako n'kumatsitsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse. Mbali inayo imasiyidwa yozizirirapo kuti akatenthedwa asunthe. Mwanapiye wozizidwa sapatsidwa chakudya kapena madzi mpaka atafundidwa kaye, ndipo sathiridwa madzi m'kamwa chifukwa amalowera kumapapo. Madzi akumwa amaikidwa m'kambale kosazama kokhala ndi timiyala, kuti aviike mlomo wokha. Ubweya wa mwanapiye woleredwa m'bokosi umada ndi ndowe ndi chakudya, ukatero umalowa madzi, ndipo mwana wa bakha amatha kumira kapena kufa ndi chisanu m'mbale wamba yakukhitchini. Kusambira kumayamba pang'onopang'ono, m'madzi ofunda, munthu ali pomwepo, kenako n'kuwabwezera pamoto kuti aume.

Vuto lalikulu kwambiri ndi kukana kudya. Mwanapiye wa mallard mukamuikira chakudya cha anapiye amadya tsiku lomwelo. Wa wood duck amathera mphamvu zake zonse pofuna kutuluka. Amalumpha, amakwera makoma a bokosi ndi zikhadabo zija, amalira osaleka, ngati akumvabe make akumuitana kunja. Masiku awiri kapena atatu oyamba amakhala ndi mphamvu zochokera ku yolki ya dzira imene inatsalira m'mimba, ndipo ikatha asanaphunzire kudya, amafooka n'kufa. N'chifukwa chake bokosi lake limafunika chovindikira cha sefa, malo abata opanda phokoso la wailesi, agalu kapena ana, ndi pobisala monga mtolo wa nthenga wolendewera umene amalowa pansi pake ngati mayi. Kutchire masabata oyamba amadya tizilombo, ndipo chimene chimamukopa ndi chinthu choyenda. Osamalira amamuponyera timphutsi tamoyo, amayandamitsa chakudya pamadzi osazama pamodzi ndi timasamba tobiriwira ta pamadzi, kapena kuwaza chakudya chonyowa pakhoma la bokosi ndi pamsana pa anzake kuti azijompha. Njira imene imathandiza kwambiri ndi kuwasakaniza ndi mwanapiye wina wamsinkhu wawo amene akudya kale, kawirikawiri wa mallard, kuti aonere kwa iye. Pali oweta ena amene amakhulupirira kuti mwanapiyeyu sakhazikika mpaka atagwa kuchokera pamwamba, moti amamugwetsa dala pa udzu wofewa asanamuike m'bokosi. Ndi chizolowezi cha oweta chabe, koma chikusonyeza kuti ngakhale iwo amaona kuti mbalameyi imabadwa ikuyembekezera kulumpha ndi kutsatira make.

Akayamba kudya, nkhani imasanduka ya chakudya choyenera. Buledi amadzaza mimba popanda kumanga thupi, ndipo mkaka mbalame siigaya. Masabata oyamba amafuna chakudya chokhala ndi zomanga thupi zokwana magawo 20 pa 100 alionse kapena kuposerapo pang'ono, kenako zimachepetsedwa. Abakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa nkhuku, kotero chakudya cha anapiye a nkhuku pachokha chingawapinditse miyendo. Oweta amathiramo yisiti wouma wa mtundu wofululira mowa kuti akwaniritse. Kudyetsa mopitirira nakonso kuli ndi vuto lake. Nthenga za mapiko zikakula msanga kuposa mafupa ozinyamula, nsonga ya phiko imapindikira kunja n'kuuma momwemo, ndipo bakha wotero sadzauluka moyo wake wonse.

Ndiye pali nkhani ya kuzolowera munthu. Konrad Lorenz wa ku Austria, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1973, anatchuka posonyeza kuti ana a atsekwe amatsatira chinthu choyenda chimene achiona m'maola oyamba ataswa n'kuchitenga ngati mayi wawo. Abakha nawonso amatero. Mwanapiye woleredwa yekha m'manja, wogona pachifuwa cha munthu, amakula osaopa anthu ndi agalu, osadziwa kukhala ndi abakha anzake. Kumumasula kutchire ndi kumupereka kwa adani, ndipo kumusunga ndi kumutsekera zaka khumi kapena kuposerapo. Pachifukwa chimenechi osamalira odziwa ntchito amalera anapiye m'magulu, sawalankhula, sawagwiragwira, ndipo akafika masabata asanu ndi atatu mpaka khumi, nthenga zitakwana, amakawamasula kudambo la mitengo kumene kuli abakha amtundu wawo. Kwa munthu wokonda nyama zimaoneka ngati kuuma mtima, koma ine ndimaona kuti chikondi chenicheni pa mbalame yakutchire ndi chimenechi, chifukwa bakha amene achoka akuopa munthu ndi amene ali ndi mwayi wokaswa ana ake.

Pali chifukwa chinanso chimene chakula m'zaka zaposachedwa. Kuyambira kumapeto kwa 2021 chimfine cha mbalame cha H5N1 chafalikira ku North America, ndipo abakha akutchire amatha kunyamula kachilomboka osaoneka kudwala. Wobweretsa anapiye otola pakhomo pamene pali nkhuku akhoza kutsiriza khola lake lonse.

Nanga amene amaweta wood duck pakhomo mololedwa amawatenga kuti? Amagula kwa oweta ovomerezeka, abakha amene makolo awo akhala m'makola kwa mibadwo yambiri. Ku America wogulitsa amayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo bakha aliyense amaikidwa chizindikiro asanakwane masabata asanu ndi limodzi chosonyeza kuti sanagwidwe kutchire: mphete yachitsulo yopanda msoko kumwendo, chidindo pachikopa cha pakati pa zala, kudula kachala kakumbuyo kuphazi lamanja, kapena kudula nsonga ya phiko limodzi. Wogula amapatsidwa chikalata chimene amasunga nthawi yonse imene ali ndi mbalamezo, ndipo zigawo zina zimaonjezera malamulo awo. Ku Ulaya amawetedwa kwambiri ngati mbalame zokongoletsa, mpaka oweta anatulutsa oyera ndi ena otumbuluka. Ku Britain kuweta n'kololedwa, koma lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kumasula mbalame zachilendo kutchire.

Kudula phiko ine sindigwirizana nako. Mbalame imene moyo wake ndi kutera panthambi ndi kulowa m'mphako, mukailanda kuuluka mwailanda zambiri. Khola labwino ndi lotchinga ndi ukonde pamwamba, lalitali moti munthu n'kuimirira, lokhala ndi dziwe la madzi osinthidwa pafupipafupi, nthambi zoterapo, zitsamba zobisalamo, ndi waya wokwiriridwa pansi kuti zilombo zisakumbe. Bokosi loikiramo limapachikidwa m'mwamba. Ngakhale obadwira m'khola sakhala oweteka ngati bakha wakumudzi. Amadzidzimuka msanga ndipo safuna kugwiridwa. Saikira mazira ochuluka oti n'kudya kapena kugulitsa, ndipo akasakanizidwa ndi abakha amitundu ina amatha kukwerana nawo n'kubala ana osakanizika. Wofuna ndiwo kapena ndalama zamsanga asayambe n'komwe.

Kuno kwathu wood duck kulibe, koma khalidwe lake lilipo. Kabakha kakang'ono kotchedwa African pygmy goose, kamene kamakonda maiwe a maluwa a m'madzi, kamaikira m'mphako, ndipo bakha wamkulu uja amene wamwamuna wake ali ndi chotupa pamlomo amachitanso chimodzimodzi. Amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amaona atsekwe a Egyptian goose akuswa pamadenga a nyumba zosanja, ana ake n'kulumphira pansi. Mtengo waukulu wa m'mbali mwa mtsinje ukagwetsedwa kuti uotchedwe makala, mphako zake zimapita nawo limodzi, ndipo mtengo wobzalidwa lero udzatenga zaka makumi angapo kuti ukhale ndi bowo lokwana bakha. Wotola nyama yakutchire yamasiye ku Malawi ali ndi kopita nayo: a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kapena malo osamalira nyama a Lilongwe Wildlife Centre.

Kwa anthu a ku America amene ali ndi dziwe kapena kamtsinje pafupi, njira yokhala ndi wood duck pakhomo popanda khola ikadali bokosi lija. Limapangidwa ndi matabwa osapala, lakuya pafupifupi masentimita 60, ndi bowo lotalika masentimita 7.5 m'mwamba ndi 10 m'mbali, lokwana bakha wamkazi koma lopanikiza raccoon, kanyama kakuba mazira. M'kati, pansi pa bowolo, amakhomamo kachidutswa ka sefa kuti anapiye akwererepo. Popanda chimenechi bokosi la matabwa osalala limasanduka msampha. Pansi amathirapo zopalidwa za matabwa zokwana masentimita 10, poti bakhayu satuta udzu womangira chisa. Pamtengo kapena chitsulo chonyamula bokosilo amavekapo lata looneka ngati chipewa, lotchinga njoka ndi ma raccoon. Malo opachikapo nawonso ndi ofunika. Akatswiri awiri, Brad Semel ndi Paul Sherman, anapeza kuti mabokosi oyandikana komanso oonekera patali amachititsa akazi ambiri kuikira m'bokosi limodzi, mazira n'kufika 30 kapena kuposerapo, ochuluka moti bakha mmodzi sangawafungatire, ambiri n'kuwola. Anati ndi bwino kuwapachika motalikirana, mobisika m'mitengo, monga mmene mphako zenizeni zimakhalira. Chaka chilichonse nyengo yoswana isanayambe mwini bokosi amalitsegula, kuchotsa zinyalala zakale ndi mazira osaswa, kuthira zopalidwa zatsopano, ndi kuwerenga timakungu ta m'kati mwa zigoba totsalira pansi, chifukwa kalikonse kamaimira mwanapiye mmodzi amene anaswa m'bokosimo chaka chathacho.